Dabi ndi Thumba la Mtedza

"Alamu, udzu wanga uja mubweza liti?"

Ndinkafunsa choncho m'mawa uliwonse. A Sailasi ankangoyang'ana pansi. A Sailasi ndi mng'ono wa amuna anga. Anali ndi ngongole yanga. Sinali ya ndalama ayi. Inali ya udzu.

Koma ndiyambe ndi Dabi.

Dabi ndi mwana wanga. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndi wochepa thupi. Salankhula zambiri. Dabi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona bambo ake.

Bambo ake ndi a Manase. Tsiku lina anapita kudambo ndi a Sailasi. Anapita kukagwetsa mtengo wa sago, umene umatipatsa ufa wa chakudya. Mtengo unagwera kolakwika. Unagwera pamwendo wa a Manase. Mwendo unathyoka pawiri.

Ndege inabwera. Inawatenga kupita nawo kuchipatala cha kutauni. Tsiku limenelo munalibe malo anga m'ndege. Ine ndinatsala. Dabi anatsala.

Mwezi unatha. Wachiwiri unatha. Wachitatu unatha. Mvula inkagwa. Dabi ankakhala pamakwerero a nyumba. Ankayang'ana kumwamba. Kumwamba kunali mitambo yokhayokha.

Kwathu ku Subi kulibe msewu. Kuli nkhalango. Kuli matope. Kuli bwalo la ndege limodzi, la udzu.

M'mbali mwa bwalo muli miyala yopaka laimu. Nyumba iliyonse ili ndi chigawo chake. Kuyambira pamwala uwu, kulekeza pamwala uwo. Mwini chigawo amatchetcha yekha. Udzu ukatalika, ndege sitera. Ngakhale mwana amadziwa zimenezi.

Chigawo cha a Sailasi chili pakati penipeni. Chagundana ndi chathu. Ine ndinachitchetcha kawiri. Koyamba anati msana ukuwawa. Kachiwiri anati mutu ukuwawa.

"Ndidzabweza, alamu," anatero.

Sanabweze. Kachitatu ndinakana. Ine si kapolo wa munthu.

Udzu unakula. Unafika m'akakolo. Unafika m'maondo. A Sailasi sanaponde pabwalo.

Tsiku lina a Wagi anandiitana. A Wagi ndi amene amasamala bwalo. Amasunga sikelo. Amasunga buku la okwera ndege. Amasunganso wailesi ya ovaova.

"Mayi a Dabi, kwabwera uthenga," anatero a Wagi. "Mwendo ukupola. Koma a Manase sakudya. Aonda. Achipatala akuti pabwere wachibale."

"Lembani dzina langa," ndinatero.

Dabi anakoka siketi yanga.

"Amayi, nanga ine?"

"Lembani ndi lake lomwe. Fulumirani, a Wagi. Mukulemba ngati nkhono."

Lolemba tinafika pabwalo m'mawa. Ndinanyamula bilumu, thumba langa loluka. Munali sago wootcha m'nsungwi. A Manase amakonda sago wanga. Dabi anavala diresi lake la kutchalitchi.

Tinadikira. Tinadikira. Kenako tinamva kulira kwa ndege.

"Ndi iyo! Ndi iyo!" anakuwa Dabi.

Ndege inatsika. Inadutsa pamwamba pa bwalo. Inazungulira kamodzi. Inazungulira kawiri. Kenako inakwera. Inachepa. Inachepa. Inalowa m'mitambo.

Dabi anatsitsa dzanja lake pang'onopang'ono.

Wailesi inalira. A Wagi anamvetsera.

"Woyendetsa ndege akuti pakati pali udzu wautali," anatero. "Sakuona pansi. Akuti abweranso Lachisanu. Akalephera Lachisanu, ndiye basi. Mvula yaikulu yayandikira. Bwalo litsekedwa miyezi iwiri."

Ndinapita kwa a Sailasi. Sindinayende, ndinachita kuthamanga. Ndinawapeza pansi pa nyumba. Nyumba zakwathu n'zam'mwamba, zoima pamizati. Ankasenda mtedza.

"Alamu! Mwaiona ndege?"

"Ndaimva."

"Yabwerera chifukwa cha inu! Achimwene anu sakudya. Inu muli pano ndi mtedza. Lero chikuwawa n'chiyani? Khutu?"

A Sailasi ankangosenda mtedza.

"Ine kachitatu sinditchetcha," ndinatero. "Mwamva? Sinditchetcha!"

Ndinapita kunyumba. Ndinakhala pansi. Sindinaphike.

Lachiwiri ndinadzuka. Dabi panalibe. Chikwakwa cha bambo ake panalibenso.

Ndinamupeza pabwalo. Anali m'chigawo cha a Sailasi. Udzu unkamufika m'chiuno. Chikwakwa chinali chachitali ngati iye. Ankachigwira ndi manja awiri.

Tche! Tche! Tche!

Udzu unkagwa pang'ono chabe.

"Iwe Dabi! Tuluka m'menemo! Si chigawo chathu."

"Ndikudziwa, amayi."

"Ndiye ukuchita chiyani?"

"Ndege sidziwa kuti ndi cha ndani."

Ndinamusiya. Ndinati atopa. Mvula inayamba. Dabi sanatope.

Tche! Tche! Tche!

Madzulo anabwera. Anali atanyowa. M'miyendo munali misundu itatu. Ndinaichotsa. M'manja munali matuza. Limodzi linali litaphulika.

"Zikuwawa?"

"Pang'ono."

"Watchetcha kufika pati?"

"Ngati mphasa ziwiri."

Mphasa ziwiri! Chigawo chonsecho ndi mphasa zana.

Lachitatu Dabi anatenganso chikwakwa. Ine ndinatukwana mumtima. Kenako ndinatenga changa.

"Ndikutchetchera iwe," ndinamuuza. "Sindikutchetchera munthu uja."

"Chabwino, amayi."

Tche! Tche! Tche!

Ine ndinkatchetcha. Dabi ankakokera udzu kumbali. Mvula inkagwa. Msana unkawawa. Wanga unkawawadi.

A Wagi anadutsa ndi ambulera.

"Kodi si inu munati simutchetcha?"

"Pitani mukapukute sikelo yanu, a Wagi."

Lachinayi madzulo tinafika pamwala womaliza. Udzu wonse unali pansi.

"Katatu tsopano," ndinatero. "Ngongole ya katatu."

Lachisanu kunacha ndi nkhungu. Mitengo sinkaoneka. Miyala yoyera sinkaoneka. Tinakhala pansi pa kadenga ka a Wagi. Tinadikira.

Masana nkhungu inayamba kuchoka. Mtengo umodzi unaoneka. Wina unaoneka. Kenako tinamva kulira kuja.

Ndege inazungulira kamodzi. Dabi anagwira dzanja langa. Ndege inatsika. Inatsika. Mateyala anagunda pansi. Matope anathovukira uku ndi uku.

Ndege inatera!

Woyendetsa ndege anali mayi. Dzina lawo a Kila. Anatsika. Sanatipatse moni wautali. Anayenda pabwalo. Ankaponda pansi ndi chidendene. Chidendene chinkalowa m'dothi. A Kila anapukusa mutu.

"Pansi pafewa," anatero. "Ndipo m'ndege muli kale anthu atatu. Lero nditenga makilo 80 okha. Osapitirira."

Pomwepo ndinaona a Sailasi. Ankabwera m'mphepete mwa nkhalango. Paphewa anali ndi thumba la mtedza. Sanayang'ane bwalo. Sanayang'ane ine. Anaika thumba pasikelo.

"Makilo 20," anatero a Wagi.

Ndinakwera ine ndi bilumu yanga.

"Makilo 60."

Dabi anakwera.

"Makilo 20."

A Wagi anawerenga ndi zala. Anawerenganso. Anakanda m'mutu.

"Mayi a Dabi, pavuta. Thumba ndi inu, makilo akwana. Mwana alibe malo."

"Tsitsani thumbalo!"

"Sindingathe. Thumba linalembedwa mwezi watha. Inu mwalembetsa posachedwa. Woyamba kulembedwa ndi woyamba kukwera. Lamulo mukulidziwa."

Ndinapita kwa a Kila. Ine pamsika sindigonja. Ndinati apanso sindigonja.

"Mayi, mwanayu ndimufungata pamiyendo."

"Pamiyendo akulemerabe."

"Muoneni. Ndi mafupa okhaokha."

"Mafupa a makilo 20."

"Ndikupatsani nkhuku."

"Nkhuku nayonso ili ndi makilo ake."

"Nkhuku ziwiri!"

A Kila sanaseke. Analoza kumapeto kwa bwalo. Kumeneko kuli mitengo italiitali.

"Mayi, simukunenerera ndi ine," anatero. "Mukunenerera ndi mitengo iyo. Ndege ikalemera, siidumpha. Mitengo silandira nkhuku."

Ndinakhala chete. Nthawi zambiri sindikhala chete.

Ndinakhuthula bilumu. Ndinachotsa poto. Ndinachotsa bulangete. Ndinasiya sago yekha. Zochotsazo zinali makilo atatu basi.

Dabi anavula mapatapata. Anakweranso pasikelo. Anatulutsa mpweya wonse. Anaima ndi mwendo umodzi.

"Makilo 20," anatero a Wagi motsitsa mawu. "Pepa, mwana wanga."

Ndinatembenukira kwa a Sailasi.

"Katatu, alamu! Ndatchetcha udzu wanu katatu! Onani manja a mwanayu. Tsitsani thumbalo!"

A Sailasi anagwira thumba lawo mwamphamvu.

"Sindingathe, alamu."

"Mtedza! Mtedza ukwere ndege, mwana atsale?"

"Sindingathe."

A Kila anayang'ana kumwamba. Mitambo yakuda inkabwera.

"Ndatsala ndi kanthawi kochepa," anatero.

Dabi anavala mapatapata ake. Sanalire. Anapita kwa a Sailasi. Anaima pafupi ndi thumba.

"Bambo aang'ono."

"Ee, mwana wanga."

"Mtedzawu ukupita kwa ndani?"

A Sailasi anayang'ana thumba lawo.

"Ukagulitsidwa kutauni," anatero. "Ndikufuna ndalama zake zikagule ndodo zoyendera. Za bambo ako."

Dabi anadikira. A Sailasi anapukuta nkhope.

"Mtengo uja ndinadula ndine. Ndinadula mbali yolakwika. Achimwene anandiuza, koma sindinamve. Ndikaona bwaloli, ndimaona achimwene pamachira. Miyendo yanga imakana kubwera kuno. Msana sunkawawa, alamu. Mutu sunkawawa."

Mvula inayamba kuwaza.

Dabi anagwira thumba. Analisisita.

"Bambo aang'ono, thumbali likulemera ngati ine."

"Eya."

"Koma thumba silingadyetse bambo."

A Sailasi anayang'ana Dabi.

"Thumba silinganene kuti pepani," anatero Dabi. "Ine ndinganene. Ndiuzeni mawu. Ndikawafikitsa."

A Sailasi anagwada m'matope. Anaona manja a Dabi. Anaona matuza. Ananong'oneza mawu m'khutu mwake. Dabi anagwedeza mutu.

Kenako a Sailasi anaimirira. Ananyamula thumba. Analiika pansi pa kadenga.

"A Wagi, fufutani thumba. Lembani mwana."

Ine mtima unafewa pang'ono. Pang'ono chabe.

"Ndodo zogula?" ndinatero. "Nkhalango yonseyi, mitengo yatha? Semani nokha, alamu. Manja muli nawo."

"Ndisema."

"Ndipo mumve bwino. Thumbali lalipira kamodzi. Kwatsala kawiri. Muzitchetcha chigawo chathu ndi chanu chomwe. Udzu ukatalika, sitibwerera."

"Ndamva, alamu."

"Munamvanso kale."

"Kwerani!" anakuwa a Kila.

Tinakwera. Anatimanga malamba. Injini inalira. Ndege inathamanga m'matope. Inkagwedezeka. Mitengo inkayandikira. Inkayandikira. Ine ndinatsinzina. Ndinafinya mwendo wa munthu wina. Munthuyo anakuwa.

"Amayi, tsegulani maso," anatero Dabi. "Tadumpha."

Ndinatsegula diso limodzi. Pansi panali mitengo yokhayokha. Bwalo lathu linali ngati kachingwe. Pakachingwepo panali kadontho kamodzi. Anali a Sailasi.

Kuchipatala tinawapeza a Manase. Poyamba sindinawazindikire. Masaya anali atalowa. Manja anali ngati timitengo. Mbale ya mpunga inali pambali. Sanaikhudze.

Dabi anaima pakhomo. Anachita mantha pang'ono.

"Bambo?"

A Manase anatembenuka.

"Dabi? Ndiwe? Wabwera bwanji?"

"Ndalowa m'malo mwa mtedza."

A Manase sanamvetse. Ine ndinang'amba nsungwi. Fungo la sago linadzaza chipinda.

"Idyani," ndinatero. "Sindinatchetche udzu kuti ndidzaone mafupa."

"Sindikumva njala."

Dabi ananyema sago. Anayandikira.

"Bambo, ndabwera ndi mawu. Koma muyambe mwadya."

A Manase anadya kamodzi.

"Idyaninso."

Anadya kachiwiri.

Dabi ananong'oneza mawu m'khutu mwawo. Ine sindinawamve. Mpaka lero sindiwadziwa. A Manase anatsinzina. Msozi unatsika. Kenako anatambasula dzanja.

"Ndipatse sago wina," anatero.

Mvula yaikulu inabwera. Tinakhala kutauni miyezi iwiri. Ine ndinkaphika kuseri kwa chipatala. Dabi ankadyetsa bambo ake. A Manase anayamba kuima. Anayamba kuyenda ndi ndodo za chipatala. Mwendo umodzi unafupika. Sudzatalikanso.

Tsiku lobwerera linafika. Ndodo za chipatala tinazisiya. A Kila anatiyesanso pasikelo. A Manase anali atanenepako.

M'ndege ndinkaganiza za udzu. Miyezi iwiri ya mvula! Udzu umafika m'khosi. Ndinkaganiza za msana wa a Sailasi. Ndinkaganiza za mutu wawo.

"Akapanda kutchetcha?" anafunsa Dabi.

"Tibwerera kutauni."

"Kenako?"

"Kenako ndidzayenda pansi masiku asanu ndi limodzi. Ndikawakoka makutu."

Ndege inazungulira kamodzi. Dabi anakanikiza mphuno pagalasi.

"Amayi! Miyala ikuoneka! Yonse!"

Ndege sinazungulire kachiwiri. Inatsika. Inatera bwinobwino.

A Sailasi anali pabwalo. Anaima pakati penipeni pa chigawo chawo. Pambali pawo panali ndodo zisanu ndi imodzi. Ziwiri zazitali. Ziwiri zapakati. Ziwiri zazifupi.

"Sindinadziwe msinkhu," anatero.

"Mukutsegula sitolo?" ndinafunsa.

A Manase anatsika mogwiriziza. Anayesa zazitali. Anayesa zazifupi. Zapakati zinawakwana. Anayenda. Gu, gu, gu. Anafika pamene panali mng'ono wawo.

"Achimwene," anatero a Sailasi. Mawu ena anakana kutuluka.

"Mawu ako anafika," anatero a Manase. "Ananyamula ndi Dabi. Sanataye ngakhale amodzi."

Anagwirana. Anakhala choncho nthawi yaitali.

Ine ndinalibe nthawi ya misozi. Ndinavula mapatapata. Ndinayenda m'chigawo chathu. Kuyambira pamwala uwu, kulekeza pamwala uwo. Ndinayendanso m'chigawo cha a Sailasi. Udzu unkangogirigisha kuphazi.

"A Wagi, atchetcha kangati?"

"Kanayi. Ndinkawerenga ndine."

"Onetsani manja, alamu."

A Sailasi anatambasula manja. Munali matuza akale. Munali matuza atsopano. Dabi anaika manja ake pafupi. Ake anali atapola.

"Ine ndinati kawiri," ndinatero. "Zapamwambazo sindibweza."

"Sindikufuna mubweze, alamu."

Kunyumba tinamasula thumba lija. Tinakazinga mtedza. Dabi anakhala pakati pa bambo ake ndi bambo ake aang'ono. Ankasendera uyu. Ankasendera uyo. Mvula inayambanso padenga.

"Amayi," anatero Dabi, "nanga ngongole ija?"

A Sailasi anasiya kutafuna. Onse anayang'ana ine.

Ndinatenga mtedza wodzaza dzanja. Ndinauthira m'manja mwa a Sailasi.

"Yatha," ndinatero. "Idyani, alamu, usanazizire."